KADZUTSA WA MUNTHU WA NCHITO: MAZIRA OKAZINGA MU MSUZI WA MATIMATI

Abale anga a m'migodi, inu a ku Carletonville, a ku Rustenburg, a ku Welkom ndi kwina konse kumene nyuzi ino ifika: Ine ndine mnzanu wocokera ku Malawi, ndipo nchito yanga ndi ya ukuki m'nyumba ina yodyeramo ku Bedfordview, kum'mawa kwa mzinda wa Johannesburg. Pansi pa mgodi sindinatsikepo, koma malume anga ndi abale ena a pamtundu pathu anathera zaka zao kumeneko, ndipo pa masiku a chuthi ndimaceza ndi ena a inu m'zipinda zanu. Cimene ndiona kumeneko ndico candilembetsa mau awa.

Amuna ambiri alowa m'kheji mamawa atangomwa tiyi ndi kacidutswa ka buledi, ena osalawa kanthu konse, nadikira kudya kufikira madzulo. Ukawafunsa ayankha kuti nthawi palibe, kapena kuti ndalama ziri kufunika kumudzi, kapena kuti kuphika ndi nchito ya akazi. Tsono ine ndifuna kukuonetsani cakudya cimodzi cimene cipsa msanga, cosatha ndalama, ndiponso cimene mwamuna ali yense angathe kuphika pa citofu ca moto umodzi. Cakudyaco ndi mazira okazinga oikidwa mu msuzi wa matimati, anyezi ndi tsabola.

BEDFORDVIEW NDI MBALE YAKE YA MTENGO WAPATALI

Poyamba ndikuuzeni za malo amene ndigwirako nchito, pakuti mbiri yake ikhudzana ndi inu. Golide atapezeka pa Witwatersrand m'caka ca 1886, Mngerezi wina dzina lake George Farrar analemera kwambiri ndi migodi ya kum'mawa kwa Joni. Iye ndiye anali mkulu wa kampani ya East Rand Proprietary Mines ya ku Boksburg, imene ambiri aidziwa ndi dzina lakuti ERPM, yoyambidwa m'caka ca 1893. Farrar anaphunzira sukulu m'tauni ya Bedford ku Mangalande, cotero munda wake waukulu anaucha Bedford Farm, ndipo nyumba yake anaimangitsa kwa mmisiri wochuka Herbert Baker. Mwini wake anamwalira m'caka ca 1915, ndipo nyumbayo lero ndi sukulu ya atsikana ya St Andrew's. Mudzi umene unakula pafupi ndi mundawo unalandira dzina la Bedfordview m'caka ca 1926, ndipo kuyambira caka ca 2000 uli m'boma la mzinda wa Ekurhuleni, pamodzi ndi Germiston, Boksburg, Benoni ndi Springs. Mgodi wa ERPM unaleka kukumba pansi m'caka ca 2008, koma nyumba zimene cuma ca golide cinamanga zikalipo.

Masiku ano ku Bedfordview kukhala Apwitikizi ambiri, Mataliyana ndi Agiriki, ndipo onsewa ndi anthu okonda kudya bwino. Loweruka ndi Lamulungu adzuka mocedwa, nafika kwathu dzuwa litakwera, kudzadya cakudya cimodzi colowa m'malo mwa kadzutsa ndi nkhomaliro, cimene pa Cingerezi acicha brunch. Mbale imene aitanitsa kawirikawiri ndi ya mazira a mu msuzi. Pa pepala la zakudya mbaleyi ilembedwa ndi maina acilendo. Pali shakshuka, ya ku Tunisia ndi maiko ena a kumpoto kwa Africa. Pali huevos rancheros, ya ku Mexico. Mataliyana nao ali ndi yao, uova in purgatorio. Maina ndi atatu, koma m'khichini ine ndiona zinthu zomwezo: mafuta, anyezi, matimati, tsabola ndi mazira.

Ndalama imene munthu alipira pa mbale imodzi ya mazira awiri ingakugulireni inu mazira okwanira sabata yathunthu. Ndipo taonani ici: huevos rancheros poyamba cinali cakudya ca anchito a m'minda ya ku Mexico, cimene ankadya atalima kale kuyambira m'bandakuca. Ndico cakudya ca anthu a thukuta, ndipo eni ndalama anacikonda pambuyo pake.

MMENE MAKOLO ATHU ANKADYERA M'KOMBONI

Malume anga anabwera ku Joni ndi Wenela m'zaka za m'ma 1960. Anakwera ndege pa Chileka, natsikira ku Francistown, ndi kutsiriza ulendo pa sitima ya pamtunda. Iwo anandisimbira kuti m'komboni munthu sankadziphikira pa masiku a nchito. Kusanace ankalandira phala lamadzimadzi lochedwa lambalazi ndi kabuledi kochedwa mbunyana. Cakudya ceniceni, ndico nsima, nyemba ndi ndiwo zosakaniza nyama ndi masamba, cinali ca potuluka pansi madzulo, pamodzi ndi mahewu. Pakati pa ziwirizi panali maola asanu ndi atatu kapena oposapo a kuboola thanthwe ndi kupakira miyala. "Mphwanga," anatero iwo, "mgodi umamdziwa munthu amene walowa ndi njala."

Nkhani ya cakudya m'migodi ndi yakale. M'zaka zoyamba amuna ambiri ankadwala ciseyeye, nthenda yotupitsa nkhama ndi kufooketsa thupi, cifukwa ankadya ufa wa cimanga wopanda masamba kapena zipatso. Pambuyo pake boma linaika muyeso wa cakudya cimene mgodi uli wonse uyenera kupereka. Komabe pa sitiraka yaikulu imene inayamba pa 12 August 1946, pamene amuna oposa 60,000 anakana kutsika, cakudya cinali cimodzi ca madandaulo ao, pamodzi ndi malipiro.

Tsiku Lamulungu linali losiyana. Gawo lina la nyama linkaperekedwa yaiwisi, ndipo amuna ankaiocha kapena kuiphika pa mbaula m'zipinda zao, ali yense monga mwa kwao. Anthu anena kuti ndiwo yochuka ya chakalaka inabadwira m'mapoto otere ndi m'malokeshoni a ku Joni, pamene amuna a ku Mozambique ankasakaniza matimati ndi nyemba za m'zitini ndi tsabola wao wa piripiri. Lero chakalaka igulitsidwa m'sitoro iri yonse, ngakhale ku Eastgate kumene madona a ku Bedfordview agula zinthu zao. Cotero msuzi umene nditi ndikuphunzitseni si wacilendo kwa inu ai. Ndi colowa ca anthu a m'migodi.

Masiku a malume anapita. Ndege ya Wenela itagwa ku Francistown pa 4 April 1974 ndi kupha Amalawi oposa 70, Dr Banda analetsa kulemba anthu a ku migodi. Kulembako kunayambanso m'caka ca 1977, nikuthera m'caka ca 1988. Inu amene muli m'migodi tsopano, kaya kwanu ndi ku Malawi, ku Tete kapena ku Chipata, ambiri simukhalanso m'komboni. Mulandira ndalama ya lendi ndi kukhala m'zipinda kapena m'mikhukhu ya kunja. Ufulu umenewu ngwabwino, koma khichini ya kampani inatsala m'mbuyo. Mzere wa phala kulibe. Munthu akapanda kudziphikira sadya, ndipo phukusi la moyo umasunga wekha.

CIFUKWA NINJI DZIRA?

Migodi ina ya masiku ano ndi yakuya koposa ya kale. Wa Mponeng, pafupi ndi Carletonville, ufika pafupifupi makilomita 4 pansi pa nthaka, kumene thanthwe litentha ndipo thukuta silileka. Madotolo a m'migodi acenjeza kuti munthu wolowa ndi njala, kapena wolowa ndi matsire a mowa wa dzulo, ndiye afooka msanga ndi kutenthako. Munthu wofooka samva bwino kulira kwa thanthwe, ndipo aika anzake omwe pa ngozi. Tiyi wa shuga ndi buledi woyera zipatsa mphamvu ya kanthawi cabe, monga moto wa mapesi umene ulilima nuzima. Dzira likhalitsa m'mimba monga cikuni ca tsanya.

Dzira limodzi lalikulu liri ndi magalamu 6 a zomanga thupi, zimene ophunzira azicha mapuloteni, pamodzi ndi mafuta ndi mavitamini A, D ndi B12. Liribe fupa, ndipo cotaya cake ndi cigoba cokha. Cimene dzira lisowa ndi vitamini C, amene aletsa ciseyeye cija, ndipo ameneyo apezeka m'matimati ndi m'tsabola. Ndico cifukwa cake ziwirizi ziyenerana m'mbale imodzi.

Cina ndi cangu. Mzinda wa Joni uli pamwamba, mamita oposa 1,700 kucokera pa nyanja ya mcere, ndipo pamalo okwera cotero madzi awira asanatenthe kwenikweni. Mwaona nokha kuti nyemba zicedwa kupsa kuno koposa ku Nsanje kapena ku Tete, ndipo zitha parafini ndi magetsi. Dzira lipsa pa mphindi zitatu kapena zinai.

Pogula, thireyi ya mazira 30 ichipa koposa kugula limodzi limodzi pa sipaza. Sonkhani ndi mnzanu wa m'cipinda ndi kugawana. Tsegulani ndi kuyang'ana musanalipire, ndipo losweka kapena long'aluka mulikane, pakuti dothi lilowera pamenepo. Sungani mazira pamalo ozizira, kutali ndi citofu ndi zenera la dzuwa, ndipo musawatsuke kufikira nthawi yophika. Mukakayika, ikani dzira m'kapu ya madzi. Latsopano limira ndi kugona pansi, lokhalitsa liimirira, loyandama pamwamba litayeni.

ZOFUNIKA PA ANTHU AWIRI

Mazira 4. Matimati akupsa bwino 4, kapena citini cimodzi ca magalamu 410. Anyezi mmodzi wamkulu. Tizidutswa tiwiri ta adyo. Tsabola wowawa mmodzi kapena awiri, monga mwa lilime lanu. Theka la tsabola wamkulu wobiriwira, wosawawa uja. Mafuta ophikira masupuni akulu 3. Mcere, ndi shuga pang'ono. Zipangizo ndi poto wokhala ndi cibvundikiro, ciwaya, mpeni, supuni ndi kapu. Matimati ofewa amene amai a pamseu agulitsa mochipa madzulo ndiwo abwino koposa pa msuzi, malinga asakhale obvunda.

KAPHIKIDWE KA MSUZI

Cinsinsi ca cakudya ici ciri mu msuzi. Dzira ali yense akhoza kulikazinga, koma msuzi ufuna mtima wofatsa. Sambani m'manja poyamba. Sendani anyezi ndi kumduladula tizidutswa tating'ono. Citani comweco ndi matimati, adyo ndi tsabola. Zonse zikhale pafupi musanayatse moto, pakuti amene ayamba kufunafuna mpeni mafuta atatentha kale apsereza ndiwo. Mukagwira tsabola wowawa musadzikhudze m'maso.

Ikani poto pa moto wosakula kwambiri, thiranimo masupuni awiri a mafuta, ndipo akatentha ponyanimo anyezi ndi kamcere. Mcerewo utulutsa madzi a anyezi kuti afewe osapserera. Takasani mphindi zisanu kapena zisanu ndi ziwiri, kufikira anyezi atafewa ndi kuyamba kufiira ngati uci. Apa mpamene ambiri afulumira, nathira matimati anyezi akali woyera ndi wokukutika, ndipo msuzi wotero ukhala ndi fungo laliwisi ngakhale uphikidwe ola lathunthu. Kuona maso a nkhono nkudekha.

Anyezi atafiira, ikani adyo ndi tsabola wowawa, ndi zokometsera zina ngati muli nazo, kwa mphindi imodzi yokha. Zokometsera zitulutsa fungo lake m'mafuta otentha koposa m'madzi. Koma adyo apserera msanga, ndipo akapserera awawa ngati ndulu. Mukamva fungo lakwera, thirani matimati pomwepo.

Tsono cepetsani moto, bvundikirani mosiya kampata, ndipo zibwate pang'onopang'ono mphindi khumi. Takasani nthawi ndi nthawi, mukuphwanya matimati ndi kumbuyo kwa supuni. Musathire madzi, pakuti matimati ali nao ake. Pokhapokha ndiwo ikayamba kugwira pansi pa poto, thirani masupuni awiri. Tsabola wobiriwira mumuike cakumapeto, cifukwa moto wautali uononga vitamini C amene tiri kumfuna.

Mudzadziwa kuti msuzi wapsa pamene mafuta ayamba kuoneka ofiira m'mbali mwa poto, ndipo mukadutsitsa supuni pakati, njira yake itsala kanthawi isanatsekeke. Ukhale ngati phala, wosati madzi oyenda m'mbale. Pamenepo lawani. Ukawawasa, monga acitira matimati a m'citini, ikani shuga wa kunsonga ya supuni. Ukamveka wosakolera, onjezani mcere pang'ono, nimulawenso.

KUKAZINGA MAZIRA

Njira ziripo ziwiri. Yoyamba ndi ya ciwaya. Tenthetsani ciwaya ndi kuthiramo supuni ya mafuta yotsala ija. Swerani dzira m'kapu poyamba, limodzi limodzi, kuti lobvunda lisaononge anzake. Pamenepo litsanulireni m'ciwaya mofatsa, kapu iri pafupi ndi mafuta. Mafuta akhale otentha kuti dzira lilire pogweramo, koma asafike pofuka utsi. Akazizira, dzira limamatira ndi kumwa mafuta. Akatenthetsa, m'mphepete mupserera pamwamba pakali madzi.

Musalikhudze kwa mphindi imodzi. Kenaka pendeketsani ciwaya, tungani mafuta otentha ndi supuni ndi kuwathira pamwamba pa coyera ca dzira kufikira conse citalimba. Ngati mafuta acepa, bvundikirani mphindi imodzi kuti nthunzi ipsetse pamwamba. Coyera cilimba msanga koposa cacikasu ca pakati, cotero pali kanthawi kamene coyera capsa koma capakati cikali cofewa, ndipo makuki tonse tidikira kanthawi kameneko. Musacoke pa citofu kukaona foni. Papsa tonola, sudziwa mtima wa moto. Wazani kamcere, tsanulirani msuzi m'mbale, ndi kugoneka mazira pamwamba pake.

Njira yaciwiri ndi ya amene ali ndi poto mmodzi yekha, ndipo ndiyo ya shakshuka ija. Msuzi utapsa, pangani maenje anai m'menemo ndi supuni, ndi kutsanulira dzira m'dzenje liri lonse. Bvundikirani, moto ukhale wocepa, ndipo dikirani mphindi 5 kufikira 7. Njira iyi ipulumutsa mafuta, ndipo cotsuka ndi poto yekhayo.

Ndikucenjezeni pa cinthu cimodzi. Azungu ambiri akonda dzira capakati cikali kuyenda. Koma dzira losapsa nthawi zina likhala ndi tizirombo tochedwa Salmonella, totsegula m'mimba, ndipo kutsegula m'mimba uli pansi pa mgodi si nkhani yoseka. Pa masiku a nchito lipsetseni ndithu. Kwa ana, kwa amai apakati ndi kwa odwala, dzira lipse lonse nthawi zonse.

Cosunsira ndi ciri conse muli naco. Buledi wa bulauni akhalitsa m'mimba koposa woyera. Mkute wa nsima ya usiku, mukaudula mapisi ndi kuukazinga m'mafuta otsala m'ciwaya, ukoma kwambiri. Mpunga, mbatata kapena cinangwa nazo ziyenera.

NTHAWI IPEZEKA BWANJI?

Ndidziwa kuti a shifiti ya mamawa acoka panyumba kukali mdima. Inu amene muli ndi firiji, phikani msuzi wambiri Lamulungu madzulo, wokwanira masiku atatu, ndi kuusunga wobvundikira. Mamawa tapani wa tsikulo, muutenthetse kufikira ubwate, nimukazinge mazira. Zonse zitha pa mphindi zisanu, madzi a tiyi asanawire nkomwe. Lacitatu madzulo phikaninso wina. Inu opanda firiji musasunge msuzi, makamaka m'miyezi yotentha. Gwirizanani ndi mnzanu wa m'cipinda kuti wina adzuke msanga lero, wina mawa. Msuzi ndi mazira pamodzi sizitha theka la ola. A shifiti ya usiku ali ndi mwai, pakuti akhoza kudya cakudya ici atatuluka pansi, nthawi yomweyo imene a ku Bedfordview adya brunch yao.

MSUZI UMODZI, MALILIME AMBIRI

Matimati ndi tsabola si mbeu za kuno. Zinacokera ku America, ndipo tsabola anafika m'Africa ndi zombo za Apwitikizi. Mtundu uli wonse umene unazilandira unapeza njira yakeyake, ndipo ine ndaphunzira zingapo m'khichini.

Apwitikizi aonjeza adyo wambiri, piripiri ndi madontho a ndimu. Kakomedwe kameneka ndiko kanachukitsa Nando's, imene inayamba m'caka ca 1987 ku Rosettenville, kummwera kwa Joni, ndipo tsabola wake igula kwa alimi ang'onoang'ono a ku Malawi, Mozambique ndi Zimbabwe. Mataliyana acepetsa tsabola, nawaza cizi pamwamba. A kumpoto kwa Africa aika zokometsera zochedwa cumin ndi paprika, zimene mudzazipeza m'timapepala m'sitoro za Amwenye. Mukafuna chakalaka, ikani supuni yaing'ono ya curry pamodzi ndi adyo uja, karoti mmodzi wopala, ndi theka la citini ca nyemba pomariza. Ife a ku Malawi tiri ndi kambuzi wathu, tsabola wonunkhira amene mmodzi yekha akwanira poto wathunthu, ndiponso Nali wa m'botolo, amene wapangidwa kwathu kuyambira m'zaka za m'ma 1970. Mbale akamabwera kucokera kumudzi pa basi, mpempheni akutengereni zimenezi.

Msuziwu udzakuthandizani ngakhale mazira atasowa. M'caka ca 2023 nthenda ya cimfine ca mbalame inagwira makola a m'South Africa, nkhuku mamiliyoni ambiri zinaphedwa, mazira anakwera mtengo, ndipo sitoro zina zinaika malire pa kagulidwe kake. Pa nthawi yotere msuzi womwewo ulandira nyemba, nsomba za m'citini, kapena usipa wouma wocokera kwathu. Amene wadziwa msuzi wadziwa ndiwo zambiri.

CENJERANI NDI MOTO

Kuphika m'cipinda cimene mugonamo kuli ndi ngozi zake. Citofu ca parafini cikhale pamalo osapendekeka, kutali ndi zofunda ndi makatani, ndipo musacithire parafini cikali kuyaka. Parafini musamsunge m'botolo la zakumwa, pakuti mwana wa mnzanu adzayesa madzi. Mafuta akagwira moto m'ciwaya musathirepo madzi konse, cifukwa moto udzalumphira kumaso kwanu ndi kudenga. Zimitsani citofu ndi kubvundikira ciwayaco ndi cibvundikiro. Magetsi akazima muli kuphika, kumbukirani kutseka citofu musanapite ku nchito, pakuti akabweranso m'nyumba mulibe munthu, mikhukhu yambiri ikhoza kupsa cifukwa ca poto mmodzi. M'miyezi yozizira ya June ndi July musagone ndi mbaula m'cipinda cotseka. Makala atulutsa mpweya wosaoneka ndi wosanunkha, umene upha munthu ali m'tulo.

KWA AMENE ACITA MANYAZI

Tsopano ndinene ndi inu amene muti kuphika ndi kwa akazi. Asodzi a ku nyanja kwathu adziphikira okha pa gombe, ndipo palibe awaseka. Amuna a ku Malawi anachuka ndi ukuki m'mahotela ndi m'nyumba za ku Joni, ku Harare ndi ku Bulawayo, ndipo ndi nchito imeneyo anaphunzitsa ana ndi kumanga nyumba za malata kumudzi. Malume anga omwe, munthu wolemekezeka pabwalo, anali mwini poto wa cipinda cao tsiku Lamulungu. Akazi anu ali kutali, ndipo cimene afuna kwa inu ndi cakuti mubwerere amoyo ndi amphamvu. Ndalama imene muipulumutsa posadya mamawa ndi yocepa, ndipo ikathera ku cipatala, kapena shifiti ikakutayikani cifukwa ca kudwala, a kumudzi alandira zocepa koposa kale.

Pali cinanso cimene mungatumize kwanu pamodzi ndi ndalama. Ambiri a ife tinakula ndi mwambo wakuti mai wapakati asadye mazira kuti mwana angabadwe wopanda tsitsi, ndiponso kuti ana aang'ono asawalawe. Cotero mazira a nkhuku za pakhomo ankapita ku msika kapena m'mbale ya mlendo. Madotolo ndi anamwino agwirizana kuti dzira lopsa bwino liribe coipa cotere, ndipo ndi cakudya cabwino kwa mai woyembekezera ndi kwa mwana woyambira miyezi 6. Mukamaimba foni kumudzi, auzeni amai a kunyumba kuti mazira ena asagulitsidwe, adyedwe ndi ana. Ndipo mukapita ku chuthi, tengani ciwaya m'cikwama, mukawaphikire ndi manja anu kuti aone.

Yesani Lamulungu likudzali, pamene nthawi iripo yokwanira. Ukapanda kukoma tsiku loyamba, udzakoma laciwiri. Mukauzolowera, phunzitsani mnyamata amene wangofika kumene. Tsalani bwino, abale anga. Mutsike ndi mtendere, ndi kutulukanso ndi mtendere.

Ine wanu,
Kuki wa ku Bedfordview